Mkamwini ndi Kamba wa Eni Ake

Lolemba

Zatsimikizika. Lamulungu likubwerali akundisudzula!

Alamu anga a Likaka, mwini mbumba pamudzi pano, abwera m'mawa chipewa chili m'manja, chizindikiro choti nkhani ndi yaikulu. Akuti chaka chakwana chimwalirireni mlongo wawo, amake Rozina, mkazi wanga. Akuti ndalira mokwanira, manda ndawaka, mbumba ilibe nane chifukwa. Chimera chagayitsidwa kale. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi andimasula pamaso pa anthu, ndinyamule zanga ndibwerere kwathu kwa Nsamala.

Ndavomera ndi nkhope yachisoni monga mwa mwambo. Atangokhota kuseri kwa nkhokwe ndavina pang'ono. Mulungu andikhululukire, malemu nawonso. Sikuti banja linkandiwawa, iyayi. Mayi amene uja ndikumusowa mpaka lero, tiyi ndimathirabe m'makapu awiri ndikaiwala. Koma zaka makumi atatu ndi kanthu ndili mkamwini kuno ku Ntaja! Mbuzi ikalowa m'dimba, ali kuti atelala? Maliro akagwa, atelala tsogolani ndi khasu. Koma pokamba mlandu wa pamudzi, atelala tapitani mukaone ngati madzi afunda. Kwathu kwa Nsamala ndine malume. Kumeneko ana a achemwali anga amandipatsa mpando, ndipo ndikatsokomola amakhala chete.

Zonyamula:
makina osokera (anga, ndinagula ndisanakwatire, mboni zilipo)
sizasi, tepi, simbi
jekete
bulangete limodzi
wailesi, ngati alamu aiwala kuti ilipo

Zosiya: nyumba, munda, mango amene ndinabzala ndekha, ndi a Kapitao.

Vuto lagona pa a Kapitao.

Ndilembe bwino apa, kuopa kuti zidzukulu zingadzaganize kuti ndinkasunga nkhalamba ya ku esiteti. A Kapitao ndi kamba. Anabwera nawo ndi agogo ake a malemu kuchokera kwa Apwitikizi, m'dengu la mbewu, pooloka cha ku Chiuta. Dzinalo anawapatsa ndi apongozi anga aamuna, poti ntchito yawo n'kuzungulira pabwalo kuyang'ana anzawo akukhetsa thukuta. Pamudzi pano palibe amawatchula kuti iwe. Ndi aakulu kuposa tonsefe.

Tsopano maso achita ng'ala, ayera ngati madzi otsukira mpunga. Ukawaikira kholowa amaluma mphepo, kumanzere, kumanja, mpaka kutopa. Munthu akayandikira amangoona chithunzithunzi, mutu n'kulowa m'chigoba, ndipo sutuluka ngakhale uwanunkhize papaya. Amadya pamalo amodzi okha, pansi pa makina anga, makinawo akulira. Malemu ankakhala pambali panga kukhonde akusankha ndiwo, ine ndikusoka, masamba oipa n'kumaponya pansi. Ndiye a Kapitao anazolowera kuti nthaka ikayamba kunjenjemera, chakudya chafika. Amabwera molunjika, chibwano pa chitsulo, n'kumaluma pamulu wa masamba. Kulikonse angalume apeza tsamba.

Ndapempha kuti ndipite nawo. A Likaka akuti, "Alamu, mkamwini amapita ndi chimene anabwera nacho. A Kapitao munawapeza." N'zoona, ndinawapeza.

Ana sangathandize. Rozina ali ku Lilongwe ndi mwamuna wake womanga nyumba za likulu latsopano. Mnyamata ali ku Joni, kumigodi, kalata imabwera ikafuna.

Ndipo mawu omaliza amene malemu anandiuza kuchipatala, patatha zaka zonsezo tikufunda bulangete limodzi, sanali okhudza ine. Anati, "A Kapitao adya?" Ndiye sindingachoke n'kuwasiya afe ndi njala.

Pulani yake nayi: pofika Loweruka a Kapitao akhale atadziwa kupeza mbale yawo popanda makina. Alamu aakazi a Felista, mng'ono wa malemu, avomera kumaika masamba. Sabata yathunthu! Ndinaphunzitsapo a Likaka kumanga tayi, kamba sangandikanike.

Lachiwiri

M'mawa. Nzeru yandipeza ndikusukusula. Msewu! Munthu wosaona amatsata khoma.

Ndatuta njerwa za bafa lakale. Mizere iwiri, kuchokera pansi pa nkhokwe pamene a Kapitao amagona mpaka patsinde pa mango. Kumapeto kwake mbale ya kholowa ndi kachidutswa ka papaya. Msewu wopapatiza, woti munthu sangatembenukemo. Akangolowa, kotulukira n'kumbale.

Che Bwanali, anansi anga okonza njinga, asuzumira pampanda. "Che telala, uwu ndiye msewu wa boma. Kwatsala n'kuitana amayi adzavine potsegulira." Taseka, kenako tonse awiri tacheuka. Nthabwala zina masiku ano zimafuna kucheuka.

Makina lero ali chete kuti ophunzira asasokonezeke. Madiresi otalikitsa aunjikana, eni ake akuopa anyamata a malaya ofiira kumsika, aja amayeza diresi ndi maso n'kupeza bondo. Ndikusoka pamanja ngati woyamba kumene. Chala chabooka kale.

Masana. Amene agwiritsa ntchito msewu mpaka pano:
nkhuku ya a Felista ndi anapiye ake
bakha wosadziwika mwini
mbuzi ya a Likaka, imene yayenda mwaulemu pakati pa mizere osagunda njerwa ngakhale imodzi, yadya zonse, mbale n'kunyambita

Eni msewu alowa, ayenda pang'ono, apeza kamthunzi, agona. Pakati pa msewu!

Ndaikanso kholowa wina. Ndakhala pambali ndi kamtengo kothamangitsira mbuzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Madzulo. Adzuka. Agunda njerwa ya kumanzere. Agunda ya kumanja. M'malo mopita kutsogolo ngati munthu wanzeru, aganiza zokwera. Mwendo umodzi pamwamba, wachiwiri, kenako gubudu! Chagada, miyendo yonse ikupalasa m'mwamba. Ndathamanga mpaka bondo langa loipa lija lalira. Ndawatembenuza, ndawapepesa. Mutu aulowetsa, koma munthu wokwiya ndimamudziwa ngakhale nkhope ili m'chigoba.

Msewu watsekedwa. Ndapalasa makina pang'ono, abwera, adya. Lero lokha. Zenizeni tiyamba mawa.

Lachitatu

Nzeru ina. Ng'ala siphimba zonse. Amayi anga atakalamba sankazindikira nkhope, koma nsalu yofiira ankaionera patali. Ndiye mbale ikufuna mbendera.

Ndamanga tizigamba tofiira pakamtengo pafupi ndi mbale. A Kapitao adutsa ngati palibe kanthu. Ndawonjezera tachikasu. Adutsanso, ulendo uno aponda m'mbale.

Ikufunika nsalu yaikulu, yowala. M'nyumba muno yowala kuposa zonse ndi imodzi yokha, ya mayi tcheya, mkulu wa amayi a chipani m'dera lino. Anabweretsa kuti ndiwasokere bulauzi wovinira. Nsalu ija ya nkhope. Nkhope imene ili m'sitolo iliyonse, imene telala aliyense amaidula mozungulira atagwira mpweya.

Ndadziuza kuti kungoyanika pampando kuseri kwa mbale si mlandu. Ndayanika mwaulemu wonse, nkhope itaongoka bwinobwino. Ndalowa m'nyumba kukamwa madzi.

Kamvulumvulu!

Potuluka, nsalu ili pansi. A Kapitao ali pamwamba pake, pakatikati penipeni, ndipo achita zimene amachita akadya papaya dzulo lake. Mayo ine! Patsaya penipeni!

Ndisanapume, "Odi kuno!" Mayi tcheya, kudzaona bulauzi wawo.

Ndavundikira zonse ndi dengu lalikulu la chimanga, kamba ndi nsalu yomwe, nsonga ndakankhira mkati. Ndaima kuti ndipereke moni.

"Atelala, dengu lanu likuyenda."

Ndaligwira. Ndakhalapo mopepuka, theka la thupi lili m'mwamba, bondo likutukwana. Ndati ndi a Kapitao, maso akuwawa, dzuwa lawaletsa. Akuti ndivundukule awapatse moni. Ndati angolowa kumene m'tulo. "M'tulo akuyenda?" Ndati ukalamba, mayi.

Akhala pamkeka. Andifotokozera za gule yense amene akukonza, nyimbo ndi nyimbo, ina mpaka aimba. Pansi panga ndikumva zikhadabo zikukanda, ndipo ndikudziwa chimene zikukandacho. Ndikuganiza za anthu amene anapita kukayankha mafunso pa nkhani zochepa kuposa iyi, mpaka lero akuyankhabe.

Koma mayiyu ndi wamtima wabwino, ndisamunamizire. Pochoka akuti, "Maso a nkhalamba musavutike nawo. Mkaka wa m'mawere, madontho awiri, muona."

Nsalu ndachapira m'nyumba, chitseko chotseka, zenera lotseka, sopo watsopano. Ndatsuka ndikupepesa. Ndaumitsa ndi simbi. Panatsala kachizindikiro pang'ono, ndinaganiza zokabisa mumsoko wa kukhwapa, koma nkhope imeneyi kukhwapa ndiye mlandu wina. Ndachapanso. Kachoka.

Bulauzi ndasoka madzulo omwewo kuti nsaluyi ichoke m'nyumba mwanga. Kusoka n'kupalasa makina. Olakwa abwera, adya kholowa yense, opanda manyazi.

Lachinayi

Ngati maso angachire, nkhani yonse yatha. Mkaka uja tiuyese.

Woyamwitsa pafupi pano ndi mmodzi, Abiti Jafali, akazi a Che Bwanali. Tsono bambo wamasiye wa imvi ngati ine ayambira pati kupempha chinthu chotere kwa mkazi wa mnzake? Ndazungulira mpanda kawiri, ndabwerera. Ndatuma a Felista.

Kuseri kwa mpanda kwaphulika phwete ngati pa chinkhoswe. Wina mpaka akutsokomola. Ine ndili kukhonde, ndikuyesa ngati ndikufuna singano yotayika.

Abwera gulu. A Felista patsogolo ndi kasupuni, akuyenda ngati anyamula dzira. Abiti Jafali ndi khanda kumsana. Amayi ena anayi amene sindinawaitane. Che Bwanali asiya tayala la munthu lili m'madzi.

"Che telala, samalani," akutero Che Bwanali. "Kwathu ana oyamwa bere limodzi ndi pachibale. Ukangolowa m'kamwa, wallahi, mwana wangayu ndi a Kapitao ndi munthu ndi mkulu wake."

A Kapitao amva phokoso, mutu walowa. Taitana. Tanyengerera. A Felista aimba kanyimbo ka Chilomwe kamene agogo awo ankaimba. Chete. Njira yotulutsira mutu ndi imodzi, tonse tikuidziwa. Ndakhala pa makina. Lamulo langa lomwe ndaliphwanya dzuwa lisanafike pamutu.

Mutu watuluka. A Felista aviika nthenga ya nkhuku m'kasupuni.

Dontho loyamba: pachigoba.
Lachiwiri: pachala changa chakuphazi.
Lachitatu: a Kapitao aganiza kuti nthenga ndi tsamba. Khapu!

Nthungululu! Che Bwanali agwira kumutu. "Basi, zatha. Wabadwa dzulo, mkulu wake anaona Apwitikizi." Abiti Jafali atsitsa khanda kumsana kuti lipereke moni kwa achimwene ake. Amayi ena agona pansi n'kuseka.

Pamapeto pake dontho limodzi lalowa m'diso la kumanja. Tadikira. Ndagwedeza tsamba kutsogolo kwawo. Aluma mphepo monga mwa masiku onse. Phindu la lero ndi nyerere zimene zandipeza kuphazi.

Pochoka Abiti Jafali ayang'ana khonde, makina, kampando ka malemu kamene sindinakachotsebe. Akuti, "Mukapita pano pazizira, che telala." Ndayesa ngati sindinamve, ndati ulusi wakodwa. Koma mawuwo andikhala pamtima tsiku lonse.

Kuchitsime akuti tsopano ndine dokotala wa akamba. Nkhani yafika kale kumsika.

Lachisanu

Lero palibe chisoni. Makina ndawafunditsa chiguduli ndipo ndamanga ndi chingwe. Ngati a Kapitao amatsata kunjenjemera kwa nthaka, tipeze china chonjenjemeretsa nthaka chimene chitsale pano ine nditapita.

Zimene tayesa pafupi ndi mbale:
njinga ya Che Bwanali yogadamiza, iwo akupalasa ndi dzanja. Phokoso lilipo, nthaka siikumva kanthu. A Kapitao sanatembenuke n'komwe.
mtondo, a Felista akusinja. Atuluka, amvetsera, alowera kwina mwachangu chimene sindinachionepo.
wailesi. Agona.
ine kupondaponda pansi ndi mapazi. A Likaka andipeza ndikuchita zimenezi. Angopukusa mutu n'kupitirira.

Chabwino. Njala ndiyo iwaphunzitse. Mbale ili apo, masamba ali apo, mphuno ali nayo.

Masana. Che Bwanali apita kumzikiti kukapemphera Juma. A Felista apita kukatakasa mowa wa Lamulungu. Dzuwa likuswa mtengo. Ndatsamira khoma kuti ndipumitse maso pang'ono.

Podzuka a Kapitao palibe!

Pansi pa nkhokwe, palibe. M'khola, palibe. Kuseri kwa bafa, m'nthochi, kudzala, palibe. Ndasuzumira mpaka m'chimbudzi. Munthu amene amatenga m'mawa wonse kuchoka pa nkhokwe kufika pa mango, lero wasowa ngati mbalame.

Ndaona kanjira m'fumbi, mizere iwiri ya zikhadabo, pakati posalala. Katuluka pachipata. Kalowera kumsewu waukulu, kumene malole a nsomba za ku Chiuta amadutsa osayang'ana pansi. Ndathamanga wopanda nsapato, bondo ndaliiwala.

Ndiye ndamva. Du, du, du, du. Chigayo! Injini ya chigayo tsidya la msewu, nthaka ikunjenjemera mpaka m'mapazi mwanga.

Ndawapeza m'ngalande m'mbali mwa msewu, mutu utagunda mwala, miyendo ikupalasabe. Bambo wina wachilendo, wogulitsa nsomba zouma, wawerama kale, akuti lero wapata ndiwo. Amayi a pamzere wa kuchigayo amukuwiza onse pamodzi. "Siyani inu! Amenewo ndi a Kapitao a kwa atelala!"

A kwa atelala. Osati a kwa a Likaka. Ndamva bwinobwino.

Ndawanyamula. Khosi lonse lili fumbi, kuphazi kwanyuka pang'ono. Tsiku lonse ali ndi njala, ine nditawatsekera makina, anamva kugunda kutali n'kuganiza kuti ndasamukira kumeneko. Anali kundifunafuna ine. Zandimvetsa chisoni kwambiri, ndipo manyazi andigwira.

Tisanafike pachipata andinyowetsa malaya onse. Akuluakulu sananame, kamba amanyera amene wamtola.

Chingwe ndadula ndi sizasi, kumasula kumachedwa. Ndapalasa makina opanda nsalu mpaka dzuwa lapendeka. Adya kholowa, adya papaya, adya ndi kachigamba kobiriwira kamene kanagwera pamulu. Ine maso amangotuluka madzi, mwina ndi fumbi la kuchigayo.

Loweruka

Achemwali anga a Marita atsika basi ya m'mawa kuchokera ku Balaka, kudzanditenga. Nkhani abwera nazo zodzaza dengu. Kanyumba kanga akazira kale. Mpando wa ndalema agula. Adzukulu ali ndi milandu ya malire a munda imene ikudikira malume. Ndiponso, apa atsitsa mawu, kuli mayi wina wamasiye, wa kwaya, wa mbuzi zake, amene wafunsa kale ngati ndimadya therere.

Ndisaname, mtima wadumpha. Mpando wa ndalema! Ine kuweruza milandu!

Ndiye ndaganiza zolimba mtima. Makina ndiwasiya. Inde, makina anga, amene ndinabwera nawo pamutu ndili mnyamata. Kwa Nsamala ndikalima, ndikasoka pamanja, malume safa ndi njala. A Felista azipalasa m'mawa ndi madzulo, a Kapitao azidya, aliyense kwake. Achemwali akuti ndapenga. A Likaka akuti ndi nzeru yabwino kwambiri, maso ali pa makina.

Mayeso. Masamba pansi, a Kapitao pabwalo, ine kuseri kwa chitseko kuti asandinunkhize.

A Felista: akupalasa mwamantha, gudumu likubwerera m'mbuyo. Kenako agwira bwino, makina akulira mosalala kuposa mmene ndimalizira ine. A Kapitao atukula mutu, amvetsera, aubweza.
Achemwali a Marita: akupalasa ngati akuthamangitsa mbava. Khonde lonse kugwedera. Mutu sunatuluke n'komwe.
A Likaka: avula jekete, akuti izi n'zofuna mwamuna. Singano yathyoka.

Ndatuluka kuti ndiwaonetse. Ndangokhala, ndapalasa pang'ono, a Kapitao ayamba ulendo, molunjika, ngati aitanidwa ndi dzina.

Che Bwanali, amene amamva njinga yodwala isanafike pakhomo pawo, akuti, "Tapalasaninso." Atseka maso. "Ndi bondo lanulo, che telala. Phazi lina limachedwa. Anzanuwa akuti gudugudugudu, inu mukuti gu-gudu, gu-gudu. Makina anu amatsimphina."

Zaka zonsezi ndimati ndimasoka mosalala!

A Likaka akuti ngati n'kutsimphina, atsimphina. Akhala, apinda mwendo umodzi, akhwinyata nkhope ngati ine. A Felista akuwerengera ndi m'manja. Achemwali akuseka mpaka mpango wagwa. A Kapitao aima pakati pa bwalo, amvetsera nthawi yaitali ndithu, ife tonse osapuma. Kenako atembenuka, alowera ku nkhokwe. Lamba wa makina waduka.

Ndalumikiza lamba ndi waya wa Che Bwanali. Ndapemphanso a Likaka, mwaulemu, pambali, kuti mwina mbumba ingaganizenso. Akuti, "Alamu, ndikanakonda. Koma amene anaoloka ndi agogo sangachoke pamudzi ndi mkamwini. Amayi akumanda ndikawauza chiyani?" Sanalankhule mwankhanza. Nawonso zikuwavuta, ndaona.

Makina opanda ine sathandiza. Ine wopanda kamba ndiye mwambo. Mowa wapsa, fungo lake lafika mpaka kuno.

A Felista akuti ndisadandaule, njala ikawapweteka adya okha. Ndavomera. Ndamanga katundu. Wailesi alamu sanaiwale.

Lamulungu

Tatuluka m'tchalitchi. Mikeka pansi pa mango, mbumba yonse, anansi, mayi tcheya mu bulauzi wawo watsopano. Ndayang'ana patsaya paja. Palibe kanthu. Ambuye alemekezeke.

A Likaka alankhula bwino, sindinayembekezere. "Alamu athuwa anabwera ndi makina ndi jekete. Atisungira mlongo wathu mpaka kumuika mwaulemu. Lero tikuwamasula. Njira iyo, akakhale kumene mtima ukufuna, akakwatire kumene akonda." Nthungululu. Andipatsa tambala ndi dengu la ufa. Chipanda chazungulira. Kwa nthawi yoyamba pamudzi pano ndamwa ndisanatumidwe kanthu.

Mfulu! Ndapepukidwa ngati ndatula thumba la chimanga.

Makina tamangirira pa njinga ya Che Bwanali. Iwo akukankha, achemwali ali ndi tambala kukhwapa, ine jekete paphewa. A Kapitao ndinawatsanzika m'mawa, sanatulutse mutu. Ndinalumbira kuti sindicheuka.

Pachipata ndacheuka.

Ali kukhonde. Akwera okha, kaya nthawi yanji. Aima pamene panali makina, pakati pa timaenje tinayi timene miyendo yachitsulo inasiya m'dothi. Khosi lonse panja, chibwano pansi, akudikira kuti nthaka iyambe. Masamba a a Felista ali pambali pawo pomwepo, sakuwaona.

Ndati, Che Bwanali, tembenuzani njinga.

Atembenuza. Ndikuganiza kuti ankakankha pang'onopang'ono dala.

Achemwali akuti, "Achimwene, ena amakanirira pa ukamwini chifukwa cha mkazi, ena chifukwa cha ana. Inu kamba?" Ndati eya. Akuti tambala ndi ufa sabweza, ndipo mayi wa kwaya uja akamuuza kuti therere sindidya.

Pamikeka pavuta. Chiyambireni palibe mkamwini anasudzulidwapo n'kupempha kutsala, ndiye palibe akudziwa mwambo wake. Akuluakulu anong'onezana, atsutsana, aitanitsa chipanda china. Pomaliza a Likaka aimirira. "Kusudzula tasudzula, mowa sungabwerere mumbiya. Mkamwini pano palibe. Koma a Kapitao ndi aakulu pamudzi pano, ndipo wamkulu saletsedwa kukhala ndi wantchito wake." Anthu aomba m'manja. Ndakwezedwa kapena ndatsitsidwa, kaya.

Basi ya ku Balaka yapita ndi achemwali, tambala akulira pawindo. Mpando wa ndalema akhalapo wina, milandu ya malire aweruza wina. Zikundiwawa, ndisabise. Ndinkafuna ndithu kukafera kwathu, anthu akunditchula malume.

Makina abwerera m'timaenje tawo. Lero ndi Sabata, sitisoka, ndiye ndachotsa ulusi, ndikungopalasa. Akudya.

Che Bwanali akuti kamba amatha kukwirira mibadwo itatu ya anthu, ndipo awa angokwirira iwiri. Ndayang'ana mmene akutafunira papaya, ndayang'ana bondo langa. Zaoneka kale amene atsogole. Mowa wotsatira pamudzi pano adzafululira kusudzula a Kapitao, ndipo kaya a Likaka adzawauza kuti abwerere kuti.